Bambo Amene Anawerenga Dzina la Amuna Anga

Foni inalira ndili pakhonde ndikuthothola mtedza. Anali mwana wanga wamkazi, amene amasoka zovala ku Lilongwe.

"Amayi, mwamva?"

"Apezeka?" ndinafunsa ndisanamupatse n'komwe moni. Zaka zinayi tsopano, foni iliyonse ndimaiyankha ndi funso lomweli.

"Ayi amayi, si za ababa. Ndi bambo aja owerenga nkhani pa kanema. Atisiya m'mawa uno, angolengeza kumene."

Mwanayo anayamba kuitana, "Halo, amayi, mukundimva?" Ndinadula foni n'kuika lichero pansi. Nkhuku zinabwera kudzajompha mtedza ine ndikuziona, osazipirikitsa. Munthu amene anamwalirayo sanali m'bale wanga. Ndinaonana naye maso ndi maso kamodzi kokha, nthawi yake yosakwana ola. Koma ndinamulira momwe sindinawalirire amuna anga, pakuti amuna angawo mpaka lero sindikudziwa ngati ndiyenera kuwalira.

Amuna anga anaphunzitsa zaka zambiri m'masukulu a pulayimale a kuno kwathu, pakati pa Nsaru ndi Kabudula. Aliyense ankangowatchula kuti aphunzitsi, ngakhale ine amene. Atapuma pa ntchito anagula kanema wamng'ono, sola imodzi ndi batire, zonsezo chifukwa cha nkhani za madzulo. Mpira sankaonera, mafilimu ankati n'kutaya nthawi. Koma ikamayandikira seveni koloko ankasamba, kuvala malaya a kolala, n'kukhala pampando wawo ngati akudikira mlendo. Bambo owerenga nkhaniwo akaonekera, imvi zili mbuu, magalasi ali pamphuno, n'kupereka moni, amuna anga ankayankha mokweza, "Taswera bwino, kaya inu bambo." Ankawakondera Chichewa chawo. "Tamverani, mayi," ankandiuza, "munthu uyu sameza mawu. Chiganizo amachiyamba n'kuchimaliza."

Matenda anabwera mozemba. Poyamba kunali kuiwala pomwe aika makiyi, kundifunsa katatu ngati mbuzi zamwa madzi. Kenaka Lamulungu lina, ataimirira kutsogolo kuti awerenge Mawu, poti anali mkulu wa mpingo, anayang'ana buku nthawi yaitali, n'kukweza maso kufunsa mpingo wonse, "Kodi ino ndi sitandade chani?" Ena anaseka. Ine ndinapita kukawagwira dzanja n'kuwakhazika pansi. Kuchipatala anatiuza kuti ndi matenda oiwala amene amagwira ena akamakalamba, mankhwala ochiza palibe, tizingowayang'anira. Kumudzi anthu anali ndi mayankho awoawo. Mlamu wanga, mng'ono wawo wa amuna anga, ananena poyera pamaliro ena kuti ndine ndinawapepetsa mutu achimwene ake kuti ndizilamula pakhomo.

Pofika chaka chachitatu mayina a ana athu anali atawathawa. Masiku ena ankandiyesa mlongo wawo amene anamwalira kalekale. Koma bambo a pa kanema aja sanawaiwale. Moni ankayankhabe, ndipo theka la ola limenelo ndi lokhalo limene ndinkatha kukhala pansi osawalondera.

Anasowa nyengo yosankha fodya. M'mawa umenewo ndinawapatsa tiyi pakhonde, n'kumanga kageti ka mpanda ndi waya monga mwa masiku onse, n'kupita kuchigafa kuseri kwa nyumba komweko. Ndinkati ndingomaliza mulu umodzi. Ndinamaliza iwiri. Nditabwerera ndinapeza kapu ili ndi tiyi wotsala, waya womasula bwinobwino atapachikidwa pamtengo. M'nyumba munalibe jekete yawo yabulauni, nsapato zawo za kutchalitchi, ndi kabokosi ka choko kamene ankasunga pawindo kuyambira tsiku limene anapuma pa ntchito.

Ndinathamangira kumjigo. Mayi wina amene ankatunga madzi anati anawaona, anawapatsanso moni. "Anati achedwa, belu lalira kale. Ine ndimayesa mukudziwa."

Tsiku limenelo mudzi wonse unatuluka. Chimanga chinali chitauma koma chisanadulidwe, moti munthu akanatha kukhala pansi pakati pa munda inu n'kumudutsa osamuona. Tinalowa mzere ndi mzere tikuitana. Amuna anasuzumira m'zitsime za kudimba, ena anatsata mtsinje ndi nsungwi zazitali akufufuza pansi pa madzi. Ine ndinakwera kabaza n'kuzungulira masukulu onse anayi amene anaphunzitsapo. Pasukulu iliyonse ndinkalowa kalasi ndi kalasi, ana akundiyang'ana, ndikuyembekeza kuwapeza ataima pabolodi. Kupolisi analemba zonse n'kunena kuti atumiza uthenga kwa anzawo. Kuchipatala cha kufupi kuno anati sanalandire munthu wotero.

Tsiku lachisanu chisowereni, mwana wanga wamkazi uja ananditengera kumochale ya chipatala china mu tauni, kumene amasunga anthu osadziwika abale awo. Bambo wa kumeneko anatitsegulira atatu. Nkhope sindikanatha kuyamba nazo, ndiye ndinkayamba kuyang'ana mapazi, chifukwa chala chaching'ono cha phazi lamanzere la amuna anga chinapindika njinga itawagwera ali mnyamata. Onse atatu zala zawo zinali zowongoka. Titatuluka ndinasanza pansi pa mtengo, kenaka ndinayamika Mulungu, kenaka ndinadzifunsa kuti ndikuyamikira chiyani poti sindikudziwa komwe ali.

Chimene chinkandidya kwambiri sichinali njala kapena kuzizira kumene akanakumana nako. Ndinkaopa anthu. Tonse kuno timadziwa zimene zimachitika nkhalamba yosadziwika ikapezeka m'mudzi wa eni, ikulankhula zosamveka, osatha kunena kumene yachokera. Mmodzi amangoyamba kuti ndi mfiti yagwa, ena n'kutola miyala. Amuna anga sakanatha ngakhale kutchula dzina la mudzi wawo. Ndikatseka maso ndinkawaona ali pakati pa gulu, akumwetulira mwaulemu wawo uja, akuyesa kuti anthuwo ndi makolo abwera kumsonkhano wa sukulu.

Tsiku lachisanu ndi chinayi ndinadzuka ndi maganizo amodzi. Ndinachotsa chithunzi chawo pakhoma, ndinachikulunga m'chitenje, n'kukwera minibasi pa Nsaru. Mwana wanga pafoni anayesa kundiletsa. "Amayi, kumalo kuja sikumangolowedwa. Pali ndondomeko yake, dikirani Lolemba ndikuperekezeni." Ndinamuuza kuti Lolemba ndi kutali.

Ndinafunsira njira mpaka ndinafika pageti pa nyumba ya wailesi ya kanemayo dzuwa lisanafike pamutu. Mlonda anandimvetsera bwino, sanali munthu woipa. Koma anati tsikulo linali Loweruka, ofesi yolandira zolengeza inali yotseka, ndipo analibe mphamvu yolowetsa munthu.

"Nanga bambo aja a imvi, owerenga nkhani, amabwera lero?"

"Amabwera madzulo. Koma mayi, iwo aja salandira zolengeza. Amangowerenga zimene alemberedwa."

"Ndiwadikira."

"Pano sipololedwa kukhala."

Ndinasuntha pang'ono, n'kuyala chitenje m'mbali mwa ngalande, n'kukhala. Galimoto iliyonse ikamabwera ndinkaimirira kusuzumira. Mlondayo anabwera kawiri kudzandipempha kuti ndizipita, kachitatu anangondibweretsera madzi m'botolo. Cha m'ma folo koloko kunabwera kagalimoto koyera kakale, kolira ngati chigayo. Ndinaona imvi zija kuseri kwa galasi. Sindikumbuka kuti ndinaganiza chilichonse. Ndinangozindikira ndagwada pakati pa msewu kutsogolo kwa galimotoyo, chithunzi ndachikweza m'mwamba ndi manja awiri.

Anaima, n'kutsika. Ndinadabwa kuona kuti anali munthu wamfupi, woyenda ndi ndodo. Kumtunda anali momwe tinkawaonera, jekete ndi tayi, koma kumapazi anavala patapata chifukwa mapaziwo anali otupa. Zaka zonsezo sitinkadziwa, poti pa kanema tebulo linkabisa.

"Dzukani mayi, dzukani. Msewu uwu ndi wotentha," anatero. Mawu anali omwe aja, ndipo nditawamva akulankhula ndi ine ndinayamba kulira. Anandidikira. Kenaka anauza mlonda kuti alowetse galimoto, iwo n'kunditengera pabenchi la m'kanyumba ka alonda.

Ndinafotokoza mosokoneza, za fodya, za waya, za kumochale. Iwo anatulutsa cholembera n'kutembenuza pepala lina limene linali m'thumba mwawo.

"Tiyambe bwino. Dzina lawo ndani? Mudzi? Mfumu yaikulu?" Analemba. "Anavala chiyani? Ananyamula chiyani?" Nditatchula choko anakweza maso n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Nanga munthu akawaitana ndi dzina lawoli, amatembenuka?"

Palibe anali atandifunsapo funso limeneli, ngakhale apolisi.

"Ayi bambo. Dzina analiiwala. Amatembenuka mukati aphunzitsi."

Analemba mawuwo n'kuwadula mzere kunsi. Kenaka anati, "Mayi anga ondibereka anadwala matenda omwewa. Ifenso tinkamanga chitseko ndi waya. Musadziimbe mlandu chifukwa cha mulu wa fodya, amatuluka ndithu ngakhale mutatani."

Ndinawauza kuti amuna anga amawayankha moni tsiku lililonse, kuti anaiwala ana awo koma iwo sanawaiwale. Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi.

"Sindikulonjezani, mayi. Wailesi si yanga, ndili ndi ondilamula. Koma ndikalankhula nawo. Muli ndi poonera madzulo ano?"

Anajambula chithunzi chija ndi foni yawo, analemba nambala yanga, n'kulowa akutsimphina.

Mwana wanga analibe kanema m'kachipinda kake, choncho tinakapempha kwa eni nyumba. Tinakhala pamkeka, banja lawo lili pamipando. Nkhani zinayamba, za aphungu, za mitengo ya fodya kumsika, za mpira, za nyengo. Chilichonse chikamatha ndinkati chotsatira ndi chathu, koma ayi. Atafika ponena kuti nkhani zathera pamenepa, mwana wanga anandigwira phewa. Ine ndinali nditayamba kale kudzuka.

"Tisanasiyane," anatero bambo aja, "pali pempho."

Nkhope ya amuna anga inadzaza kanema yense. Anawerenga dzina lawo lonse, pang'onopang'ono, momwe eni ake ankalitchulira kale. Anatchula mudzi wathu, jekete yabulauni, kabokosi ka choko, nambala yanga kawiri. Kenaka anaika pepala pansi n'kuyang'ana kutsogolo, ndipo zimene ananena pamenepo sizinalembedwe paliponse.

"Abale anga, bambo awa si mfiti, si wakuba, si woledzera. Ndi mphunzitsi amene akudwala. Mwina ena mwa inu anakuphunzitsani kugwira pensulo. Mukawaona musawafunse mafunso ambiri, sangayankhe. Muwaitane kuti aphunzitsi, muwapatse madzi ndi pokhala, n'kuimba nambala iyi. Chonde musawapweteke."

Mayi eni nyumba aja anayamba kulira limodzi nane. Nyimbo yotsekera isanathe, foni yanga inali itayamba kulira.

Masiku otsatira foni sinapume. Wina anawaona ku Mpingu, wina ku Chiwamba, wina ku Salima, onse tsiku limodzi. Ena anali ophunzira awo akale ongofuna kupepesa. Mnyamata wina anaimba n'kuyerekeza mawu a nkhalamba, anzake akuseka kumbuyo. Ine ndinkapita kulikonse kumene ndikanatha kufika. Ndinaona nkhalamba zambiri zosowa pokhala masiku amenewo, zoti sindinkadziwa kuti dziko lino lili nazo.

Uthenga woona unabwera umodzi wokha. Mayi wina wogulitsa mandasi pa Namitete anaimba Lachiwiri. Anati sabata yapitayo bambo wokalamba wa jekete yabulauni anakhala tsiku lonse pafupi ndi pomwe amagulitsira. Anamupatsa mandasi awiri ndi tiyi, iye n'kuthokoza mu Chingerezi. "Analembanso zinthu pakhoma la golosale, zikadalipo. Bwerani mudzaone."

Ndinafika masana. Mayiyo ananditengera kumbali kwa golosaleyo, kukhoma la simenti loyang'ana kumsewu wa ku Mchinji. Panali masamu ochulukitsa, kuyambira thu mpaka seveni, mizere yowongoka ngati ayeza ndi rula. Seveni aliyense anali ndi kamzere pakati, momwe ankalembera amuna anga. Pamwamba analemba tsiku, koma chaka chake chinali chimene tinabereka mwana wathu woyamba. Mzere wa seveni sanaumalize.

Ndinagwira khomalo ndi manja onse. Choko chinandikanirira m'zikhatho ndipo ndinachita mantha kuti ndafufuta, ndinabwerera m'mbuyo msanga.

"Analowera kuti?"

"Anagona pakhonde pomwepa, alonda anawafunditsa thumba. M'mawa anadzuka n'kumapita chakumadzulo, m'mbali mwa tala. Tikanadziwa, mayi, tikanawagwira. Pa kanema paja mwachedwa nazo masiku anayi okha."

Masiku anayi. Ndakhala ndikuwawerenga masiku amenewo kutsogolo ndi kumbuyo. Ndikanapita kugeti kuja tsiku lachitatu m'malo mozungulira m'zitsime. Ndikanapita tsiku lachisanu m'malo mwa kumochale. Ndinapempha mwini golosale kuti asafufute, ndipo anasunga mawu ake mpaka mvula yoyamba inachita zake.

Kuchokera pa Namitete ndinayenda msewu wonse mpaka kumalire, ndikutsika pamalo aliwonse ogulitsira zinthu, ndikuonetsa chithunzi. Palibe anawaonanso. Bambo a pa kanema anabwereza pempho lija kawiri, kachiwiriko anawonjeza za Namitete. Kenaka nkhani zina zinabwera, foni inayamba kulira mwa apo ndi apo, mpaka inangoti zii.

Patapita mwezi, ndili kumunda ndikudula chimanga, inalira nambala yachilendo.

"Mayi, mwaswera bwanji? Ndine uja munandiimitsa pageti."

Ndinakhala pansi pamzere pomwepo. Anafunsa ngati aphunzitsi amveka. Ndinati ayi. Anafunsa kumene ndafikako, n'kundiuza malo ena awiri oti ndikayese, kwa masisitere ena osunga okalamba ndi kuchipatala cha odwala maganizo. Kenaka anafunsa ngati ndikudya.

Kuyambira pamenepo ankaimba. Poyamba mwezi ndi mwezi, kenaka pakapita miyezi iwiri kapena itatu. Sankachedwa pafoni. Funso linali lomwelo, "Mayi, aphunzitsi amveka?" Atapuma pa ntchito, pampando paja patakhala mtsikana wolankhula mothamanga, ndinaganiza kuti basi zatha. Koma anaimbabe, ali kumudzi kwawo kummwera, atambala akulira kumbuyo.

Anthu ena onse anatopa, ndipo sindiwadandaula. Kutchalitchi dzina la amuna anga linatchulidwa m'mapemphero chaka chimodzi, kenaka linasiyidwa. Amayi a chigwirizano amene ankabwera Lachinayi lililonse anayamba kudumpha masabata. Pamsika anthu akandiona ankayamba nkhani ya mvula msangamsanga kuti ndisayambe yanga. Chaka chachiwiri chitatha mlamu wanga uja anabwera ndi akuluakulu awiri a kubanja. Anati mzimu wa achimwene awo ukuvutika, tikumbe manda tiike thunthu la nthochi monga amachitira munthu akapita ndi madzi, tilire maliro, timete, nkhani ithe. Mwana wanga wamwamuna, amene amakhala ku Kasungu, anagwirizana nawo. Ndinawafunsa kuti nanga akadzatulukira mawa, ndidzawauza kuti manda awo ndi awa? Mlamu anati ndikukana chifukwa ndikudziwa kumene ndinawaika.

Bambo a pa kanema aja ataimba sabata yotsatira ndinawafotokozera, n'kuwafunsa mosapita m'mbali, "Bambo, ndivomere?"



"Ine pa ntchito yanga sindinkawerenga imfa ya munthu ndisanatsimikize," anatero. "Koma ine ndinkaweruka n'kupita kunyumba. Inu ndi amene mukukhala m'nyumbamo nokha. Tsiku limene mudzatope, palibe adzakhale ndi mphamvu yokuweruzani. Ngati simunatope, auzeni adikire."

Ndinawauza adikire. Mlamu sanapondenso pakhomo panga.

Ulendo womaliza umene bambo a pa kanema aja anaimba, mawu awo anali osintha. Ankapuma pakati pa chiganizo, iwo amene kale sankadula mawu. Anati akhala akulowa ndi kutuluka m'chipatala, miyendo ija yavuta. Ine ndinangoti pepani, Mulungu akuchizeni, n'kuthamangira kuwauza za bambo wina amene anaoneka ku Dowa. Ndinalankhula ndekha mphindi zonsezo. Ichi ndi chimene chimandiwawa tsopano. Zaka zinayi munthu akundiimbira, sindinawafunsepo kuti ali ndi ana angati, kapena mayi awo aja anatha bwanji. Chaka chilichonse ndinkanena kuti ndiwatumizira mtedza ndikakolola. Sindinatumize.

Maliro awo anaonetsa pa kanema. Batire lathu linafa kalekale ndipo sindinagule lina, choncho ndinapita pa Nsaru, mushopu ina yogulitsa zakumwa momwe muli kanema wamkulu. Munali amuna okhaokha, ndinaima pakhomo mpaka wina anandipatsa mpando. Akuluakulu ovala masuti analankhula motsatizana. Ananena za zaka zimene anagwira ntchito, za mawu awo, za achinyamata amene anawaphunzitsa ntchito. Anaonetsa zithunzi zakale ali ndi tsitsi lakuda. Ndinadikira kuti mwina wina anena kuti munthu uyu ankaimbira foni mayi wa kumudzi amene sankamudziwa, koma ndani akanadziwa? Mwina ngakhale akazi awo sankadziwa.

Bokosi likutsitsidwa ndinalephera kudzigwira. Ndinayamba kulankhula mokweza, kuuza anthu a mushopumo zonse, za geti, za patapata, za pepala limene anaika pansi. Ena anandiyang'ana ngati ndapenga. Koma bambo wina wachikulire amene anakhala pakona anaika botolo lake pansi.

"Kodi ndinu akazi a aphunzitsi a choko aja? Ndimakumbuka tsiku limenelo, ndinaonera. Eti sanapezekebe?"

"Sanapezeke."

"Ha!" anatero, akupukusa mutu. Kenaka wina anapempha kuti asinthe aike mpira, ndipo anasintha.

Patatha masabata atatu foni inalira m'mawa. Anali mayi wina wa ku Nambuma, amene anasunga nambala yanga zaka zonsezi papepala la m'Baibulo lake. Anati pabwalo la tchalitchi chawo pagona bambo wokalamba masiku awiri, sakulankhula, wavala jekete yoderako. Anthu ayamba kunong'ona.

"Mwayesa kuwaitana kuti aphunzitsi?"

"Ndayesa. Anandiyang'ana."

Ndinasiya madzi pamoto. Ndinapeza njinga yamoto pamphambano, n'kumuuza woyendetsa kuti athamange momwe angathere. Njira yonse ndinkakonza zimene ndikanene. Ndinaganiza kuti sindikalira, ndingawaopseze. Ndikangoti, aphunzitsi, tiyeni kunyumba, ana aweruka.

Ndinawaonera patali, atatsamira khoma la tchalitchi, anthu ngati khumi ataima chapatali akuyang'ana. Msinkhu unali womwewo. Imvi zinali zomwezo. Ndinatsika njinga isanaime bwino, ndinagwa, ndinadzuka, n'kuthamanga. Analibe nsapato. Ndinayang'ana phazi lamanzere. Linali long'ambika, lotupa, lodzaza fumbi, koma chala chaching'ono chinali chowongoka.

Ndinakhala pansi pambali pawo. Sindinathe kuchoka. Iwo ananditembenukira n'kundigwira mkono, n'kutchula dzina la mkazi wina, mofunsa. Ndinavomera. Ndinapempha mayi anandiimbira aja kuti abweretse madzi ofunda m'beseni ndi sopo, ndipo ndinawasambitsa mapazi anthu aja akuonerera. Wina anafunsa ngati ndi amuna anga. Ndinati ayi, koma ali ndi kwawo, ndipo kwawoko wina sakugona. Mmodzimmodzi anayamba kuchoka. Mayi wina anabwera ndi phala.

Ndinawajambula ndi foni n'kutumiza chithunzi kwa mwana wanga kuti achimwaze m'magulu onse amene alimo. China choti ndichite sindinachidziwe. Abusa a pamenepo anavomera kuwasunga m'kachipinda ka kuseri mpaka abale atapezeka. Ndinamva pambuyo pake kuti mwana wawo anabwera kudzawatenga patatha masiku anayi, kuchokera cha ku Mponela.

Pobwerera dzuwa linali litapendeka. Tisanapite patali tinadutsa bambo wina wokalamba akuyenda m'mbali mwa msewu, manja ali kumbuyo. Ndinamenya woyendetsa njinga paphewa kuti aime. Ndinatsika, ndinabwerera, ndinawayang'ana kumaso, ndinapepesa. Patsogolo pang'ono panali wina atakhala pachitsa. Tinaimanso. Pofika pa Kabudula tinali titaima kasanu, ndipo woyendetsayo anazimitsa injini n'kutembenuka.

"Amayi, tikamatere tifika mawa."

Ndinamuuza kuti wanena zoona, sindimuimitsanso. Ndinafunda chitenje kumutu mpaka kumaso, ndinagwira chitsulo cha kumbuyo, n'kumuuza kuti tiyeni.